Kandege Konyamula Mankhwala Kakagwa: M'mene Amisiri Amapezera Chimene Chinavuta

Aliyense amene anayendapo ulendo wochokera pa Kapoka kukwera ku Misuku m'nyengo ya dzinja adziwa kuti mtunda sauyesa ndi makilomita okha ayi. Msewu umakhotakhota m'mapiri, ndipo mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, galimoto imatha kukanika pa chitunda chimodzi tsiku lathunthu. Komatu matenda sadikira kuti msewu uume. Magazi a mwana wakhanda ofunika kukapimidwa, makhololo a munthu amene akumuganizira chifuwa chachikulu, katemera, ndiponso mankhwala a mayi amene akutaya magazi atangochira, zonsezi ziyenera kuyenda pakati pa chipatala cha kumudzi ndi chipatala chachikulu cha pa boma, kugwe mvula, kuwale dzuwa.

Chifukwa cha mavuto otere, dziko la Malawi linakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kuyesa tindege topanda munthu m'kati, timene pa Chingerezi amatitcha drone. M'mwezi wa Malichi 2016 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF anaulutsa kandege kotere mu mzinda wa Lilongwe pa mtunda wa makilomita 10, kuchokera pa chipatala chaching'ono kukafika ku Kamuzu Central Hospital. Cholinga chinali kuona ngati tindegeti tingafulumizitse kupima ana akhanda kachirombo ka HIV, pakuti nthawi imeneyo magazi ankatenga masiku ngati 11 kuti afike kopimira, ndipo zotsatira zinkatha kuchedwa mpaka masabata 8. Mu Juni 2017 kunatsegulidwa dera loyeseramo tindege ku Kasungu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe kuti iphunzitse achinyamata kupanga, kuulutsa ndi kukonza tindege, ndipo m'chaka chomwecho tindege ta kampani ya Swoop Aero tinkanyamula katundu wa chipatala m'maboma a Nsanje ndi Chikwawa.

Kandege ndi makina, ndipo makina alionse amafa. Nkhani ino ikufotokoza m'mene amisiri amadziwira kuti kandege kanagwa chifukwa cha kufa kwa mota, ndiponso chimene anthu a m'mudzi ayenera kuchita akakapeza katagwa m'munda mwao.

Kandege Kamauluka Bwanji?

Kandege kosavuta kukamvetsa ndi ka mamota anayi. Kali ndi mikono inayi yopingasana, ndipo pa nsonga ya mkono uliwonse pali mota ya magetsi imene imazunguza phiko longa la fani. Mapiko amenewa amakankhira mpweya pansi, motero kandege kamakwera. Mamota awiri amazungulira cha kumanja, ena awiri cha kumanzere, ndipo mamota oyang'anizana pa ngodya amazungulira mbali imodzi. Akanati onse azizungulira mofanana, thupi la kandege likanamangozungulira osapita patsogolo.

Mphamvu imachokera m'batire. Pakati pa thupi pali kakompyuta kakang'ono kamene ndiko kapitawo wa zonse. Kamamva ngati kandege kapendekeka, ndipo kamalamula mota iliyonse kuonjezera kapena kuchepetsa liwiro, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Tindege ta maulendo aatali timakhalanso ndi mapiko otambasuka ngati a kabawi. Timanyamuka ndi kutera choongoka pogwiritsa ntchito mamota, koma pa ulendo timayandama ndi mapiko aataliwo.

Kaundula wa Ulendo

Mayi aliyense adziwa khadi la kusikelo. Mwezi ndi mwezi mlangizi wa zaumoyo amaikapo kadontho, ndipo timadonthoto tikalumikizidwa timapanga mzere. Mwana akadwala, dokotala amayang'ana mzerewo ndi kuona mwezi umene thupi linayamba kutsika, ngakhale kuti iye kumudziko kunalibe.

Kandege nakonso kali ndi khadi lake. Kuyambira pamene kanyamuka mpaka pamene katera, kakompyuta kaja kamalemba zonse pa kakhadi konga kamene anthu amasungirapo nyimbo m'foni. Zolembedwazi ndiye kaundula wa ulendo. Tindege tambiri timatumizanso zina mwa izo kwa oyendetsa kadakali m'mlengalenga, koma kaundula wathunthu amakhala pa kakhadiko. Zimene zimalembedwa ndi izi:

1. Malo amene kandege kali, kutalika kwake kuchokera pansi, ndi liwiro lake.
2. M'mene kakompyuta kakufunira kuti thupi likhale, ndi m'mene lakhaliradi.
3. Lamulo limene lapita kwa mota iliyonse.
4. Mphamvu yotsala m'batire, ndi kuchuluka kwa magetsi amene mamota akukoka.
5. Kunjenjemera kwa thupi.
6. Pa tindege tina, liwiro lenileni la mota iliyonse ndi kutentha kwake.

Mmisiri amaika kakhadi m'kompyuta ndipo manambala amasanduka mizere. Ntchito yake yoyamba ndi kupeza sekondi imene zinthu zinayamba kusokonekera. Iye safulumira kuyang'ana kumapeto, pakuti kandege kakamenya pansi mizere yonse imabalalika ndipo siiphunzitsa kanthu. Amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka atapeza mzere umene unayamba kupatuka anzake onse adakali bwino. Chimodzimodzi dokotala wanzeru amafunsa chimene chinayamba, kaya ndi kutsegula m'mimba kaya ndi kutentha thupi.

Chitsanzo cha Machila

Anthu a kumapiri adziwa kunyamula wodwala pa machila. Amuna anayi amagwira ngodya zinayi, ndipo wachisanu amayenda pambali kuwalangiza. Tsono zichitike kuti wa kutsogolo kumanja waterereka ndi kugwada. Machila apendekekera kwa iye. Mlangizi afuula kwa wogwayo kuti anyamule, ndipo poona kuti sakunyamula afuula koposa. Nthawi yomweyo auza wa kumbuyo kumanzere, amene ayang'anizana naye pa ngodya, kuti atsitse mbali yake, kuopa kuti wodwala angakhuthulidwe pansi.

Munthu amene ali kuseri kwa chitsamba, wongomva mau osaona kanthu, akhoza kudziwa amene wagwa. Ndi uyo amene dzina lake likutchulidwa mokuwa. Amene wauzidwa kuti atsitse alibe vuto lililonse.

Apa ndipo pagona luso lonse la kuwerenga kaundula. Mzere wa mota umasonyeza lamulo limene kakompyuta kanapereka, osati ntchito imene mota inagwira. Wophunzira kumene akaona mzere wina utakwera mpaka pamwamba amaganiza kuti mota imeneyo ndiyo inalimbikira, ndipo akaona wina utatsika pansi amati imeneyo ndiyo inafa. Zoona zake n'zosiyana ndi zimenezo. Mota imene mzere wake wakwera ndi kukakamira pamwamba ndiyo yafa, pakuti kakompyuta kakuikuwira koma siikumva. Imene mzere wake watsika ndi yamoyo, yangouzidwa kuti ipepuke.

Pa makompyuta ambiri oulutsira tindege, lamuloli limalembedwa ndi manambala oyambira pa 1000 kulekeza pa 2000. Nambala ya 1000 itanthauza kuima, ya 2000 itanthauza mphamvu zonse. Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Kandege kaima m'mlengalenga kukonzekera kutera, ndipo mamota onse anayi ali pafupi ndi 1500. Mwadzidzidzi, sekondi imodzi isanathe, mzere wa mota yoyamba wafika pafupi ndi 2000 ndipo wakhala pomwepo, pamene wa mota yoyang'anizana nayo wagwera pafupi ndi 1000. Mmisiri tsopano ali ndi woganiziridwa, koma mlandu suzengedwa ndi mboni imodzi. Amafunanso maumboni ena atatu.

Woyamba ndi kupendekeka. Mzere wa m'mene kakompyuta kanafunira ndi mzere wa m'mene thupi linakhalira amayenda pamodzi ngati ng'ombe za pa goli limodzi. Mota ikafa amasiyana, ndipo thupi limagwera ku ngodya ya mota yakufayo. Wachiwiri ndi kuzungulira. Popeza mota yakufa ndi inzake yopepukayo zinali zozungulira mbali imodzi, ziwiri zotsalazo zimasowa wozibweza, motero kandege kamatsika kakuzungulira ngati nguli. Wachitatu ndi liwiro lenileni la mota, pa tindege timene timalilemba: lamulo lili pamwamba koma liwiro lagwa mpaka kuima. Maumboni amenewa akagwirizana, mmisiri amadziwa mkono woyenera kuumasula.

Matenda Ena Ofanana Nawo

Si kutentha thupi konse kumene kuli malungo, n'chifukwa chake achipatala amayamba apima magazi asanapereke mankhwala. Momwemonso si kandege kalikonse kogwa kamene kafa mota. Mmisiri amasiyanitsa motere.

Phiko likathyoka kapena kuguluka, lamulo limakwera monga m'mene limachitira mota ikafa, koma liwiro lenileni la mota limakwera m'malo motsika, chifukwa mota ikuzungulira yopanda katundu. Ngati kwathyoka chibenthu chokha, mzere wa kunjenjemera umalumpha nthawi yomweyo.

Batire likafooka, mizere ya mamota onse imakwera pamodzi pang'onopang'ono pamene mzere wa batire ukutsika, ndipo kandege kamatsika kosapendekeka. Chigawo chilichonse cha batire la mtundu wofala pa tindege chimakhala ndi mavolti 4.2 chikadzaza, ndipo chikayandikira 3 ndiye kuti chatheratu.

Waya wamkulu wa magetsi akaduka kapena kusolokoka, kaundula amangothera panjira. Mizere yonse imakhala ili bwino, kenaka palibenso cholembedwa, kandege kadakali m'mwamba. Kukhala chete kumeneku nakonso ndi umboni.

Mphepo ya mkuntho imapendeketsa kandege mwamphamvu, koma mamota onse amayankha ndipo thupi limabwerera m'malo mwake. Palibe mzere umene umakakamira pamwamba wokha.

Kampasi ikasokonezeka, mwina chifukwa cha zitsulo kapena nthambo za magetsi zapafupi, mamota amakhala bwinobwino, koma kandege kamayenda mozungulira bwalo limene limanka likukula.

Kaundula amaloza mkono umene wavuta, koma kawirikawiri sanena chenicheni chimene chafa pa mkonopo. Mwina ndi mota yeniyeniyo imene mawaya ake a m'kati apsa, mwina ndi kachipangizo kamene kamaigawira magetsi, mwinanso ndi polumikizira waya pamene pamasuka. Tsono mmisiri amatenga mota m'manja, kuinunkhiza ngati ikumveka fungo la kupsa, kuizunguza ndi chala kuti amve ngati muli mchenga, ndi kukoka waya aliyense. Apa mpamene zidutswa za kandege zimafunika zonse, ngakhale kachibenthu ka phiko.

Mpweya wa Kumapiri

Mapiri a Misuku, kumene kuli nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa, amafika pafupi ndi mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuzizira ndi mvula yambiri ndizo zimachititsa kuti khofi ndi nthochi zizichita bwino kumeneko, koma kwa kandege malo otere ndi olemetsa. Pa mamita 2,000 mpweya umapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Phiko liyenera kuzungulira mofulumirirapo kuti linyamule katundu yemweyo. Kandege kamene kamauluka mosavuta ku chigwa cha Shire kakapita ku mapiri otere kamakoka magetsi ambiri, mamota amatentha msanga, ndipo mphamvu yapadera yolimbanirana ndi mphepo imachepa.

Palinso nkhungu imene imalowetsa chinyontho polumikizira mawaya, mphepo imene imatembenuka mwadzidzidzi m'zigwa, ndi fumbi la m'chilimwe limene limalowa mu mota ponyamuka ndi potera. N'chifukwa chake bwalo loterapo kandege pa chipatala liyenera kukhala losesedwa, lopanda mchenga, mapepala ndi zingwe, ndiponso kutali ndi mitengo ndi nthambo za magetsi.

Mota Siifa Osadwala

Kawirikawiri mota imadwala masiku ambiri isanafe. M'kati mwake muli timipira tachitsulo tonga ta m'habu ya njinga. Tikayamba kutha, mota imalemera ndipo imanjenjemera. Pa kaundula wa ulendo umodzi zimenezi sizioneka bwino, koma mmisiri akaika akaundula a maulendo khumi kapena makumi awiri pamodzi, amaona kuti mota imodzi ikulamulidwa koposa zinzake, ndipo kusiyanako kukukula sabata ndi sabata. Afanana ndi mlangizi amene waona kuti mzere wa mwana waleka kukwera kwa miyezi iwiri, ngakhale mwanayo akusewera bwinobwino. Mota yotere imachotsedwa isanagwetse kandege.

Motero kaundula sawerengedwa pa tsiku la ngozi lokha ayi. Oyendetsa osamala amamuwerenga ulendo uliwonse ukatha, ndipo amalemba maola amene mota iliyonse yagwira ntchito. Tindege tina timapangidwa ndi mamota asanu ndi imodzi kapena asanu ndi atatu kuti imodzi ikafa zotsalazo zithe kukatsitsa bwino, ndipo ta mapiko otambasuka timatha kuyandama kwa kanthawi ngakhale mota yokankha itazima.

Zoyenera Kuchita Kandege Kakagwa M'mudzi

Chinthu chachilendo chikagwa kuchokera kumwamba, mphekesera sizichedwa. Ena amati ndi ndege ya ufiti, ena amati yabwera kudzapopa magazi. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma ena a chigawo cha kummwera, ndipo ntchito za chipatala zinasokonezeka. Kandege ka chipatala ndi makina opangidwa ndi manja a anthu, ndipo kamanyamula zokhazo zimene achipatala aikamo. Kukaphwanya kapena kukatentha ndi kuononga mankhwala a m'bale wako, ndiponso kufafaniza umboni umene ukanateteza maulendo ena. Wopeza kandege katagwa atsate malangizo awa:

1. Aimirire patali ndipo aletse ana kuyandikira. Mapiko akhoza kuyambanso kuzungulira mosayembekezeka, ndipo amacheka ngati mpeni.
2. Asakhudze batire. Batire la kandege likaphwanyika, kubooka kapena kutupa limatha kuyaka lokha ngakhale patapita nthawi, ndipo utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Lisalowetsedwe m'nyumba, m'khitchini kapena m'nkhokwe. Ngati likufuka utsi, anthu aime kumene mphepo ikuchokera, ndipo udzu wouma wapafupi ukagwira moto authire dothi.
3. Asatsegule bokosi la katundu. M'katimo mukhoza kukhala magazi kapena makhololo a odwala. Amene wakhudza zotayika asambe m'manja ndi sopo ndi madzi ambiri. Ngati magazi akhudza bala, diso kapena m'kamwa, apite ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa maola 72 asanathe.
4. Asachotse kakhadi, waya kapena chidutswa chilichonse. Kakhadi ka kandege sikoikamo nyimbo, ndipo mota yake sizingathandize pa wailesi kapena pa njinga. Zidutswa zikhale pamene zagwera. Amene ali ndi foni yojambula akhoza kujambula ali chapatali.
5. Atumize uthenga msanga kwa a mfumu, kwa mlangizi wa zaumoyo, ku chipatala chapafupi kapena ku polisi. Ngati pa thupi la kandege palembedwa nambala ya foni, aimbe. Katemera wambiri amafunika kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, kotero kuchedwa kwa maola ochepa kukhoza kumuononga yense.
6. Akumbukire zimene anaona ndi kumva: nthawi yake, ngati kulira kwa kandege kunasintha, ngati kanatsika kakuzungulira, ngati panaoneka utsi, ngati mbalame yaikulu inakaomba, ndiponso m'mene mphepo inaliri.

Mfundo yotsirizayi ndi yofunika koposa m'mene ambiri angaganizire. Kaundula amatha kusonyeza kuti phiko linathyoka pa sekondi yakutiyakuti, koma sangathe kunena kuti kabawi ndiye analiomba kapena kuti linakola nthambi ya mtengo. Zimenezo amadziwa ndi mayi amene anali kupalira m'munda wa khofi, kapena mnyamata amene anali kudyetsa mbuzi. Mutu umodzi susenza denga. Umboni wa makina ndi umboni wa maso zikaphatikizidwa, choonadi chimapezeka msanga.

Udindo wa Odwala ndi Makolo

Magazi kapena makhololo akatayika pa ngozi yotere, achipatala amaitananso eni ake kuti akatengedwe ena. Mayi amene waitanidwa kuti abwerenso ndi mwana wake asaganize kuti kwapezeka choipa, ndipo asazengereze. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amayenera kupimidwa akakwana masabata 6, ndipo amene wapezeka ndi kachiromboka amakula bwino ngati wayamba mankhwala msanga. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, mafumu, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo afotokozere anthu ao zimenezi pa misonkhano tsiku la ngozi lisanafike, pakuti chakudza sichiimba ng'oma.

Kandege kogwa kamene kasungidwa bwino, kakhadi kake kali m'malo mwake ndi zidutswa zake zonse zilipo, kamauza amisiri chimene ayenera kukonza pa tindege tonse totsala. Kamene kaphwasulidwa ndi kugawanidwa kamapita ndi chinsinsi chake, ndipo vuto lomwelo likhoza kudzagwetsanso kena, mwina tsiku limene kanyamula mankhwala a mayi amene moyo wake uli pa ngozi. Kupewa kuposa kuchiza.